Mapegi M'thumba la a Nangula

Amene ali ndi mawu pa achimwene anga a Nangula abwere adzanene ine ndili pomwepo. Sindisowa. Ndimakhala pachipata cha depoti, pansi pa chikwangwani, kukonza maambulera ndi mazipi, ndipo makutu anga ndi otsekula. Izi zomanong'onezana kuseri kwa maminibasi kuti "bambo uja anathyoka mwendo chifukwa cha mkazi" zimandiwiritsa magazi. Inde, anathyoka chifukwa cha mkazi, ndinalipo, ndinamva fupa likulira. Koma mkazi wake uti? Apo ndiye palibe mmodzi wa inu akudziwa. Ngakhale ine, mng'ono wawo wa bere limodzi, ndikayamba kuganizira zimenezo singano imandilasa chala.

Tinabadwa awiri. Iwo anatenga thupi lonse, ine anandisiyira pakamwa. Malemu mayi athu ankati achimwene pobadwa sanalire, anangoyang'ana azamba ngati akufunsa kuti ntchito ili kuti. Sukulu inawakana msanga, osati chifukwa cha mutu wouma ayi, koma aphunzitsi akafunsa funso lero, iwo ankayankha mawa. Anakalowa ntchito yonyamula matumba a simenti pasitolo ya zomangira, ndipo n'komweko anapeza alamu anga, telala wa pakhonde la sitolo yomweyo. Mkazi wamfupi, wamaso akuthwa, woti akakuyang'ana kamodzi wadziwa kale muyezo wa chiuno chako ndi bodza limene ukukonza. Anabereka mapasa. Nyumba yawo ndi ya zipinda ziwiri, makina osokera pawindo, waya woyanikapo zovala kuseri. Waya ameneyo musamuiwale.

Ntchito ya chibaluni inawapeza yokha. Kunja kwa tauni kuli kampani ina imene imakweza alendo m'mwamba m'mamawa, dzuwa lisanayambe kuwotcha, kuti akaone dziko ngati akabawi. Chinthucho ndi chinsalu chachikulu ngati tchalitchi, kunsi kwake moto wa gasi wobangula ngati mkango, kunsi kwa motowo chidengu choluka chimene anthu amaimamo mothithikana. Tsiku lina mphepo inachitembenukira, chinadzagwera pabwalo la kuseri kwa sitolo, chidengu chikudumphadumpha, chikukwekwerezeka kulunjika mulu wa njerwa, alendo akukuwa. Anthu anabalalika, ena akupemphera. Achimwene anatula thumba la simenti bwinobwino kuti lisang'ambike, anayenda, osathamanga, n'kukagwetsa chifuwa chawo pamphepete pa chidengucho. Chinaima. Kaputeni, mdala woonda wa ndevu zoyera amene amayendetsa chinthucho, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Zaka zonsezi ine ndimasowa nangula. Mawa mubwere." Dzina linamera pomwepo.

Ine nsalu ndi mphepo ndimazidziwa, ambulera ndiye ntchito yanga, choncho mundimvere. Kukwera si nkhani, ngakhale pepala la pulasitiki limakwera. Nkhani ili potsika. Chibaluni chilibe chiwongolero, chilibe mabuleki. Kaputeni amangodziwa kukweza ndi kutsitsa, kolowera imasankha ndi mphepo. Gasi akamatha, ufune usafune utsika, kaya pansipo pali zitsa, pali denga la munthu, pali mawaya a magetsi. Ndipo chikagunda pansi sindiye kuti chafika. Mpweya wotentha umakhala udakali m'chinsalumo, chimafunabe kubwerera kumwamba ngati mwana amene wamuchotsa pamasewera. N'chifukwa chake Kaputeni amalalikira alendo asananyamuke: potsika pindani mawondo, gwirani zingwe za m'kati, ndipo pasapezeke wotuluka ine ndisananene. Mmodzi akadumpha, chidengu chimapepuka n'kunyamuka ndi otsalawo. Wapansi naye ali ndi lamulo lake, ndipo achimwene ankalinena ngati pemphero: kanikiza ndi chifuwa, chingwe usachikulunge padzanja, mapazi akangosiya dothi, siya. Osaganiza, siya. Amene amati ndigwirebe pang'ono amakasiyira pamwamba pa mitengo.

Poyamba malo otsikira anali mbwee. Kenako anayamba kutha. Mwini ng'ombe wa kutsidya kwa msewu anawathamangitsa ndi chikwanje, akuti kubangula kwa moto kunachititsa ng'ombe yake kupoloza. Bwalo la mpira analizunguliza mapolo a magetsi. Kwina anamanga nyumba, kwina anadula mitengo n'kusiya zitsa. Mphepo ya m'mawa kuno imakonda kutsetsereka kulowera kumtsinje, ndipo mbali imeneyo kunatsala malo amodzi okha osalala: bwalo lalitali la mayi wina wamasiye amene amachapa nsalu za pabedi za kumalo ogona alendo. Anthu amangomuti Wochapa. Ukaphonya bwalo lakelo, kutsogolo kuli mawaya akuluakulu a magetsi, kenako madzi.

Wochapa analola, koma ndi mfundo zake. Pakati pa bwalolo anadutsitsapo waya wautali, kuchokera pamzati wachitsulo kukafika pamzati wina, ndipo iye amachapa madzulo, nsalu zimachezera pawaya. Kaputeni anamupempha kuti asunthe wayayo. Anayankha kuti, "Kumwambako n'kwanu, pansi pano ndi panga. Mukafuna kutera, munthu wanu abwere, tianule, tipinde, amasule waya, mukachoka amangenso. Nsalu yanga ikadzakhudza dothi, musadzabwerenso." Dalaivala wa pikapu imene imalondola chibaluni pansi anayesa kamodzi, anagwetsera nsalu m'matope, Wochapa anamuletsa kupondanso pakhomopo. Ntchito inagwera a Nangula. Chibaluni chikanyamuka, mphepo ikaonetsa kuti ikupita kumtsinje, pikapu inkawatula pachipata cha Wochapa, ndipo Kaputeni sankatsika asanamve mawu awo pa ovaova, wailesi yam'manja ija: "Waya wagona."

Zonsezi ine ndinazidziwa pambuyo. Chimene chinayamba kufika kunyumba ndi mapegi.

Alamu, pochapa ovolosi ya amuna awo, anapisa m'thumba n'kupeza mapegi obiriwira. Kunyumba kwawoko mapegi ndi amitengo. Anawaponya m'chitini cha mabatani. Sabata inayo anapezanso ena. Chitini chitayamba kulemera, anandiitana ine Lamulungu masana, ana atapita kosewera.

"Alamu, khalani apo. Bambo a mapasa, tauzani mng'ono wanu, izi n'chiyani?"

Anakhuthula chitini patebulo. Achimwene anayang'ana nthawi yaitali.

"Mapegi."

"Ndaona kuti si nsomba. A ndani?"

"A mayi wochapa uja. Ndimakaanula zovala."

Alamu anaseka kuseka kumene sindikufuna kudzakumvanso.

"Mumakaanula zovala. Inuyo? Alamu, tulukani mukaone waya wanga kuseriko, mumufunse ngati akuwadziwa bambowa. Mvula inagwa tsiku lina, iwo ali pampando womwewo, mayunifolomu a ana akunyowa, anandiimbira foni ine ndili kumsika kuti 'mayi, kukugwa mvula'. Lero akuanula za wamasiye!"

"Ndi ntchito."

"Mumapindanso?"

"Timapinda."

"Timapinda! Awiriwiri?"

"Nsalu ya pabedi sapinda mmodzi."

Ine ndinaimirira, mpando unagwa. Ndinati alamu, muchite manyazi, munthu uyu akadzuka ndi ntchito, akaweruka ndi kunyumba, mowa samwa, mpira saonera, mkazi angamuyambe ndi mawu ati poti mawu alibe? Ndinakalipa mpaka oyandikana nawo anatsekula mawindo. M'bale wako ndi m'bale wako.

Koma popita kwathu mtima unali ukundidya. Amene munapindapo nsalu ya pabedi ndi munthu mukudziwa mmene zimakhalira. Iwe wagwira ngodya ziwiri, mnzako ziwiri, mukukoka, mukukutumula, kenako mukuyenda kuyandikizana mpaka zala zikumane. Mubwerere, muyandikizanenso. Nsalu zodzaza waya, kunja kusanache bwinobwino, pabwalo popanda munthu. Komanso dalaivala uja anali atadutsa kale padepoti kudzakonzetsa zipi ya jekete, n'kumandiuza akuyang'ana kumbali kuti, "Achimwene ako masiku ano amatuluka pachipata paja akupukuta pakamwa. Kaya ndi tiyi." Ndinamuthamangitsa ndi ambulera. Koma naye dalaivalayo ndimamukayikira, si uja anamuletsa kuponda pakhomopo? Nsanje imayankhulitsa. Kaputeni nayenso ndimamukayikira. Mphepo yomweyi tsiku ndi tsiku kumtsinje, imadziwa bwanji khomo la wamasiye? Mwina mdalayo ankawathandizira. Ndinkagona ndikuweruza tauni yonse.

Kaputeni ali ndi chizolowezi chakuti m'chidengu mukatsala malo amakweza m'bale wa wantchito. Alamu ankakana nthawi zonse, ankati iwo si mbalame. Sabata imeneyo anavomera okha. Ananditumizira mwana kuti ndipitenso, ndipo ndinapeza makina osokera atavundikira ndi nsalu, atawamanga chingwe ngati katundu wa paulendo.

"Loweruka ndikwera," anatero. "Ndikufuna ndione ndi maso anga kuchokera kumwamba. Ndipo mumve bwino, bambo a mapasa, mng'ono wanu ndi mboni. Mukaponda pabwalo la mkazi uja, kapena kumuimbira foni, ine ndikatsika ndikunyamula makina angawa ndi ana, simudzandionanso."

"Nanga waya?"

"Wayayo analembapo dzina lanu? Atumeni alamu awa. Pakamwa ali napo, manja alinso nawo."

"Mayi, waya uja akapanda kugona..."

"Lumbirani."

Analumbira pa malemu mayi athu. Ndipo achimwene akalumbira ndi simenti, ikauma yauma. Ndinawauza panja kuti akamuuze Kaputeni, asinthe zinthu. Anapukusa mutu. Munthu wamkulu, wa ana awiri, akaime pamaso pa bwana wake n'kunena kuti mkazi wandiletsa? Anangondipatsa malangizo: ugogode mwaulemu, usakweze mawu, nsalu isakhudze dothi. Ine kundiuza kuti ndisakweze mawu.

Loweruka m'mamawa tinali pabwalo lonyamukira. Alamu anabwera atavala ngati akupita kuukwati, nsapato zazitali kuchidendene, kachikwama kukhwapa. Anakwera poponda timabowo ta m'mbali mwa chidengu, timene amasiya kuti munthu aziikamo phazi. Munali alendo angapo, pakati pawo anyamata awiri aatali okonda kujambula. Kaputeni analalikira ulaliki wake wa mawondo ndi zingwe, onse akugwedeza mitu, koma alamu maso anali pa amuna awo. Moto unabangula, achimwene anachotsa chifuwa pachidengu, chinanyamuka. Sichinachedwe kuonetsa kolowera. Kumtsinje.

"Mphepo ya chikondi," anatero dalaivala akuliza injini.

Ndinamuuza kuti akabwerezanso ameza mano. Achimwene anagoneka ovaova pamiyendo.

Ananditula pachipata cha Wochapa, iwo anakaimika pikapu pakona ya mpanda, kumsewu. Achimwene anatsika n'kuima m'mphepete mwa ngalande, zala za kumapazi zili pamalire penipeni. Ine ndinalowa. Bwalo lalitali, udzu wometedwa, nsalu zoyera mbee zili ndandanda pawaya kudula bwalolo pakati. Pakhonde panatuluka mayi, kumbuyo kwake galu wamkulu wakuda ali patcheni. Ndinkayembekeza nkhalamba. Ndinkapemphera kuti akhale nkhalamba. Sanali. Wamtali, mikono yolimba, manja oyezuka ndi sopo, nkhope yosaseka koma yoti munthu ukhoza kuiyang'ana kawiri.

"Odi, mayi. Ndabwera kudzaanula."

"Ndinu ndani?"

"Mng'ono wawo wa a Nangula."

Anandiyeza ndi maso.

"Ng'ombe ndi nkhuku bere limodzi? Bambo, mwezi watha kunabwera wina, anati watumidwa ndi a kumalo ogona alendo, anapita ndi mtolo wanga wonse. Eni akewo ali kuti?"

"Ali kumsewu uko. Sangabwere."

"Adwala?"

Mmene anafunsiramo. Msanga, dzanja lili pachifuwa. Ine ndinaona, ndinasunga.

"Sanadwale, mayi, nkhani zake n'zapabanja, ndipo inu mukuzidziwa bwino kuposa ine. Chotsani galuyo ndigwire ntchito!"

"Ndikuzidziwa ine? Mukundinena chiyani pakhomo panga?"

Mawu anakwera, sindikana, koma anayamba ndi iye kunditcha nkhuku. Ndinagwira nsalu yoyamba kuti ndiyambepo, iye anawerama n'kumasula tcheni. Anthu inu, miyendo yanga ndi yoonda koma imadziwa ntchito. Ndinapezeka ndili pamwamba pa thanki ya madzi, galu ali pansi akundiwerengera nthiti.

Pamwamba pa thankipo ndinkaona zonse. Chibaluni chinali chitatulukira pamwamba pa mitengo, chachikulu, chikubwera mwakachetechete, chithunzithunzi chake chikukwawa paminda. Kumsewu ovaova inalira, mawu a Kaputeni anamveka mpaka pamene ndinali.

"Nangula, waya?"

Zii.

"Nangula, ndikuona nsalu zoyera. Waya wagona?"

Achimwene anakweza ovaova kukamwa, anaitsitsanso. Anayang'ana ine pathanki, anayang'ana kumwamba. Pamphepete pa chidengu panali kamutu kamodzi kosuzumira, ndipo ngakhale patali ndinkadziwa kuti ndi ka ndani.

"Nangula, gasi amene ndatsala naye sangawiritse ndi tiyi yemwe. Mawaya a magetsi aja sindiwadumpha. Ndikutsika pomwepo. Ndiyankhe!"

Wochapa anamva naye. Anaiwala za ine, anathamangira kuwaya n'kuyamba kuzula nsalu, mapegi akuthethekera uku ndi uku, akuziunjika paphewa. Koma nsalu si vuto. Vuto ndi waya, wokungika kufika pachifuwa cha munthu, ndipo amene anamukunga ndi manja a achimwene. Anayesa kumasula pamzati, osatheka. Chidengu chikabwera chikukwekwerezeka ndi mphepo n'kukola waya wotero, chimagudubuka, anthu amakhuthuka, gasi ndi moto zili momwemo.

Ndinakuwa. "Achimwene! Amayi anamwalira, sangakufunseni! Lowani!"

Sindikudziwa ngati anandimva. Anadumpha ngalande, anaboola mpanda wa maluwa ndi thupi ngati ng'ombe, n'kuthamanga. Moyo wanga wonse ndinali ndisanawaonepo akuthamanga. Galu uja anandisiya n'kuwathamangira, ine ndikuti basi awaluma. Anakafika n'kumagwedeza mchira, kudumphadumpha pambali pawo ngati waona mwini nyumba. Ndinaona, ndinasunga.

Achimwene sanamasule waya. Anasolola pulayala m'thumba n'kudula. Waya analira ngati chikwapu, nsalu zonse zotsala zinagwa m'dothi, zina zinawakulunga. Anazikankha, anakokera waya kumbali, anakuwa pa ovaova, "Waya wagona!" Chidengu chinadutsa pamwamba pa mutu wanga, ndinamva kutentha kwa moto pankhope, chinagunda pansi, chinadumpha, chinagundanso, chikukwekwerezeka, ndipo achimwene anachigwera ndi chifuwa. Chinaima.

Pakanathera pomwepo bwenzi lero akuyenda bwinobwino. Koma pawaya paja sipanali nsalu za pabedi zokha. Paphewa pa achimwene, pozungulira khosi, panali patakoleka pitikoti yapinki. Ndipo nkhope imene inadzuka m'chidengu, maso ndi maso ndi iwo, inali ya alamu.

"Mwaponda."

"Khalani pansi, mayi."

"Mwaponda! Mwavalanso!"

"Pasatuluke munthu!" anakuwa Kaputeni, manja ali pazingwe.

Alamu anali atakweza kale mwendo. Anyamata awiri ojambula aja ataona mayi akutuluka anayesa kuti nthawi yakwana, anadumpha mbali inayo ngati mbuzi pachipata. Iwo anatera bwino. Alamu anali kunja kwa chidengu, akutsika chafutambuyo, ndipo chidendene cha nsapato chinakodwa m'kabowo kopondera kaja. Chidengu chinapepuka. Chinanyamuka.

Ndinaona alamu akulendewera chagada, phazi lili m'bowo, dzanja limodzi litagwira kachingwe ka m'mbali, kachikwama kakugwa. Ndinaona mapazi a achimwene akusiya dothi.

"Siyani!" anakuwa dalaivala kumpanda. "A Nangula, siyani!"

Ine ulendo uno sindinakuwe.

Sanasiye. Mkono umodzi unakola mphepete ya chidengu, winawo unazungulira chiuno cha akazi awo. Anawanyamula mmene ankanyamulira thumba la simenti, kuwakweza paphewa n'kuwaponyera m'kati mutu pansi, nsapato inatsala m'bowo. Apo n'kuti atafika msinkhu wa denga la nyumba. Kaputeni anali akukoka chingwe chofiira chimene chimatsekula chinsalu kumwamba kuti mpweya wotentha utuluke, akukoka ndi thupi lake lonse lowondalo, koma chinthu chachikulu sichimva msanga. Golovesi ya achimwene inaterereka. Anagwa choimirira. Fupa linalira.

Ndipo pamene anali m'malere, asanafike pansi, Wochapa anakuwa dzina. Osati Nangula. Osati bambo a mapasa. Dzina la paubwana, limene malemu mayi athu okha ankawaitanira powadzutsa, limene ine mwini ndinali nditaleka kulitchula kalekale. Sindilinena pano, si la pamsewu. Ndinamva, ndinasunga.

Chidengu chinakatera kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi mpanda, mawaya a magetsi akung'ung'uza chapamwamba pake. Ulendo uno sanatuluke munthu mpaka Kaputeni ananena. Alamu anabwera akutsimphina, phazi limodzi lopanda nsapato, anagwada pamene anagona amuna awo. Choyamba anachotsa pitikoti ija pakhosi, anaipinda bwinobwino, anaipereka kwa mwini wake osamuyang'ana. Kenako ndi pamene anayamba kulira.

Kuchipatala anati mwendo wathyoka pawiri, anaikamo chitsulo. Kaputeni anabwera kudzawaona, anakhala pampando nthawi yaitali akusisita ndevu. Anati munthu amene mapazi anasiya dothi koma osasiya chidengu sangamuikenso pachidengu, ngakhale mwendo utapola, chifukwa tsiku lina adzagwiranso. Koma ovaova sanawalande. Anati azikhala m'pikapu, aziona mphepo ndi kulankhula naye. Nangula wopanda chogwira. Achimwene anangogwedeza mutu.

Ndinalipo pamene alamu anawafunsa, akuwasendera lalanje.

"Munaponda."

"Ndinaponda."

"Munalumbira pa amayi anu."

"Ndinalumbira."

"Mukanapanda kuponda?"

"Mukanapsa."

Alamu anapitiriza kusenda, khungu la lalanje likutalika osaduka. Madzulo ake ndinadutsa kunyumba kukaona ana, ndinapeza makina atawamasula chingwe, ali pawindo pamalo pake.

Tsiku lina nditawapeza okha ndinatseka katani ya pabedi n'kuwafunsa pansipansi, inde ine ndimathanso kulankhula pansipansi.

"Achimwene, mkazi uja dzina lija analitenga kuti?"

"Popinda nsalu anthu amacheza."

"Mpaka dzina la amayi? Nanga galu?"

Anatseka maso. Ndinati mwina ayankha mawa, monga kusukulu kuja. Mawa lakelo ndikulidikirabe.

Panatsala nkhani ya bwalo. Nsalu zinakhudza dothi, waya anadulidwa, ndipo Wochapa anali atanena kale mfundo yake. Kaputeni anapita kukapepesa, anabwerera pachipata. Popanda bwalo limenelo chibaluni sichingauluke mphepo ikamapita kumtsinje, ndiye kuti ntchito ya onse, ndi ya ovaova yomwe, inali m'madzi. Amene anapita ndi alamu. Ananyamula chitini cha mapegi chija, waya watsopano paphewa, anakagogoda okha. Zimene anakambirana palibe anamva, ndipo dalaivala akakuuzani kuti akudziwa ndi wabodza, anali kumsewu. Chimene tinaona n'chakuti tsiku lonse azimayi awiriwo anachapa nsalu zija limodzi, ndipo kuyambira pamenepo woanula ndi alamu. Pikapu imawatula pachipata, achimwene amakhala m'galimoto kukona ya mpanda, ndodo pambali, nkhope kumsewu. Waya akagona alamu amakweza dzanja, dalaivala amaona, achimwene amanena pa ovaova.

Anthu a padepoti amati nkhani inatha bwino, mkazi anazindikira kuti amangoganizira mwamuna wake pachabe. Ine ndimangowayang'ana. Mwezi wathawu alamu anabwera pamalo anga ndi ambulera yothyoka nthiti. Anakhala pabenchi ndikukonza, tikukamba za sukulu ya mapasa, za mwendo umene umawawa kukazizira. Ponyamuka anatsekula ambulera, anaitseka, n'kunena akuyang'ana maminibasi:

"Alamu, dzina lija n'lokoma. Ine zaka zonsezi sanandiuzepo."

Singano inandilasa.

"Munamva? Muli mutu pansi chonchija?"

"Makutu sakhala kumapazi."

"Ndiye mumakapindiranji naye nsalu? Ine bwenzi nditawotcha bwalo lonselo!"

"Inu ndi pakamwa panu. Amene anandinyamula m'mwamba muja ndi ine, si iye. Amenewo ndi anga, ndinawamva mkono." Anakhazika ambulera kukhwapa. "Koma ngodya ziwiri zinazo ndizigwira ndekha mpaka ndidzafe."

Loweruka lapitali ndinakwera pikapu kukaonerera. Ndinaima pampanda, kutali ndi galu. Azimayi awiri pakati pa bwalo, wamtali ndi wamfupi, nsalu yoyera pakati pawo. Anakoka, anakutumula, anayenda kuyandikizana mpaka zala zinakumana. Palibe anaseka, palibe anayang'ana pansi. Anabwerera, anayandikizananso. Kumbuyo kwanga achimwene anali atagwira ovaova, maso kumsewu, koma kagalasi ka pambali pa pikapu kanali katapotozedwa kuyang'ana kubwalo. Anakapotoza ndi ndani, ndipo ankayang'ana uti mwa awiriwo, amene akudziwa abwere adzandiuze. Ndili pachipata cha depoti.